Kabudula wa Lameki ndi ulendo wanga wa ku Esigodini

Amene anandibweretsera nkhaniyi ndi mpongozi wanga Rudo, mkazi wa mwana wanga Lameki. Linali Lachitatu m'mawa, ine ndili kuseri kwa nyumba kwathu ku Chikanga ndikuthirira repu. Anatulukira foni ili m'manja, khanda lili kumbuyo, maso ali psuu. Rudo ndi Mshona wa ku Zimunya. Chinyanja amayankhula ndithu, koma akakhumudwa chimamuthawa. Amanditchula Mhamha, ndiye kuti amayi m'Chishona.

"Mhamha, mwana wanu wandikalipira ngati sindine munthu. Akuti ndamuthetsera ntchito."

Ndifotokoze kaye za ntchitoyo. Lameki ndi makanika wa njinga zamoto pa galaja ina m'tauni muno mwa Mutare, ya mzungu wina dzina lake a Dereki. Zaka zitatu anali waganyu chabe, lero aitanidwa, mawa ayi. A Derekiwa ali ndi matenda awo, mpikisano wa njinga m'tchire. Mnyamata amene ankawakwerera njinga atathyoka fupa la paphewa, a Derekiwo anauza Lameki kuti akakwera n'kumaliza mpikisano nthawi isanathe amulemba ntchito yokhazikika, koma akalephera njinga ndi ntchito yomwe apatsa wina. Mpikisanowo unali Loweruka, kumapiri a kufupi ndi Esigodini, njira ya ku Bulawayo, kuyambira dzuwa likutuluka mpaka madzulo.

Amayi anzanga, ine za mpikisanozi sindinazione nzeru mpaka lero. Amuna akuluakulu a ndevu zawo, ena ndi adzukulu omwe ali nawo, kuthamangitsana m'miyala osathamangitsa kanthu. Sakusaka nyama, sakuthamangira kuchipatala ndi wodwala. Angozungulira tsiku lonse n'kubwerera pomwe anayambira, atathyoka.

Miyezi inayi mwana wanga anazunzika pokonzekera zimenezi. M'mamawa kuthamanga kukwera chitunda cha Christmas Pass atabereka chikwama cha njerwa. Akabwera, kutsamira khoma atapinda mawondo ngati wakhala pa mpando woti palibe, mpaka miyendo kunjenjemera. Kenaka kufinya thaulo lonyowa, kulinyowetsanso, kulifinyanso, ati manja alimbe. Zochapa zili mbwee m'beseni, iye kufinya thaulo loyera kale! Madzi ankamwa othira mchere ndi shuga ngati mwana wotsegula m'mimba. Lamlungu, m'malo mopita kutchalitchi, ankapalasa njinga yakapalasa mpaka ku Imbeza, komwe anabadwira. Malemu bambo ake anakwera zitunda zimenezo zaka zambiri atasenza mitengo, mpaka famu italandidwa, ife n'kusamukira ku Chikanga. Iwo ankakwera kuti tidye. Mwana wawo ankakwera kuti atope basi.

Tsono a Dereki anamugulira makabudula awiri ochokera ku Joni. Akuda, othina, oterera, opanda msoko, pansi pake pali kasiponji. Amavala amenewo m'kati mwa thalauza la mpikisano kuti ntchafu zisasupuke pokhulana ndi chishalo. Rudo anawachapa n'kuyanika panja. Amene anaanula ndine.

Inu a kuno mukudziwa kuti chovala choyanikidwa panja sichivalidwa chosasita. Ntchentche zija zimaikirapo mazira, mphutsi n'kulowa m'khungu. Lameki yemweyu ali khanda ku Imbeza ndinamufinya mphutsi zisanu ndi imodzi kumsana chifukwa cha thewera limodzi losasita, ndipo kulira kwake ndimakumvabe. Chichokereni apo ine ndimasita chilichonse, masokosi omwe. Ndiye ndinasita kabudula woyamba. Simbi inakakamira, kunamveka fungo la pulasitiki, m'mbali mwa kasiponji munauma gwaa ngati chikopa. Ndinati simbi yatenthetsa. Ndinaidikira pang'ono n'kusita wachiwiri. Nayenso chimodzimodzi. Ndinawapinda bwinobwino, kuika pansi m'chikwama chake, osauza munthu.

Lameki ananyamuka Lolemba ndi a Dereki. Lachiwiri anakwera tsiku lonse kuyesa njira, ndipo pouma paja panamucheka m'mphechepeche mpaka khungu kunyuka mbali zonse ziwiri. Abwana ake sanawauze, poopa kuti njinga aipereka kwa wina. Anangoimbira mkazi wake kumulalatira, n'kumuuza kuti atumize kabudula wakale wong'ambika amene ankayeserera naye.

"Ndimupatse kondakitala wa basi?" anafunsa Rudo.

"Kondakitala? Akafika naye Khirisimasi. Ndipita ndekha."

Ambuye andikhululukire, mwana wa eni ake anali kulira pamaso panga, koma pakamwa panga panalemera. Ndinangokafukula kabudulayo m'thumba la sanza. Anali atang'ambika pansi, kasiponji kakulendewera. Ndinatenga singano ndi ulusi, botolo la mafuta oyera aja timapaka khanda likapsa ndi thewera, mbatata yophika ndi buku langa la nyimbo.

Lachinayi m'mawa ndinakwera kombi mpaka m'tauni, ina mpaka ku Sakubva kumene kumaima mabasi aatali. Ndisanatsike bwino, mahwindi, anyamata okokera anthu m'mabasi aja, anali atandilanda kale chikwama. Wina kukoka uku, wina uko, onse akuti "Mhamha, mhamha," ngati ndinawabala ine. Amene anapambana anandilumbirira kuti basi yake ikunyamuka pompano. Mtengo anatchula wina panja, nditakhala pansi unakwera. Basi inaoneka yodzaza, dalaivala akuliza injini vuu vuu. Patapita ola, theka la anthu aja linatsika mmodzimmodzi. Anali anzawo ongokhalira mipando kuti ife opusa tilowe. Tinanyamuka dzuwa litakwera kale.

Tisanatuluke n'komwe m'tauni anaimirira bambo wina wa tayi wogulitsa mankhwala. Ufa wake umodzi womwewo ati umachiza shuga, msana, kusabereka ndi mwamuna woyendayenda. Mwini wake akutsokomola mpaka kugwira mpando. Pa Zimunya ndinayang'ana kumbali, poti ndi kwawo kwa Rudo, ndipo ndinkangoona ngati amayi ake aima pamsewu akundiloza. Pa Nyanyadzi amayi ogulitsa malambe anazinga basi. Pa mlatho wa Birchenough kunatentha ngati m'uvuni, ndipo tinaima nthawi yaitali dalaivala akudya nyama yootcha mosafulumira, ife tikumuonera pawindo.

Titangopitirira pa Nyika, pansi pa basi panamveka phwaa, kenaka gwedegwede, basi n'kuima. Dalaivala anatsika, kusuzumira, kumenya tayala ndi phazi ngati tayala ndilo lalakwa. Kondakitala anakwera lole yodutsa kupita ku Masvingo kukafuna chitsulo chimene chinathyoka. Anati mphindi makumi atatu. Tinakhala maola asanu.

Anthu anabalalika kufuna mithunzi. Ine ndinayala chitenje pansi pa mtengo, kutulutsa kabudula uja n'kuyamba kusoka. Kusoka ndimakudziwa. Msoko ndinaupindira m'kati monga mwa masiku onse, kubwereza kawiri kuti ulimbe, mfundo zonse kuzibisa m'kati kuti kunja kuoneke bwino. Nditatsala pang'ono kumaliza ndinamva mawu pambali panga.

"Pepani mayi, kabudulayo ndi wa mdani wanu?"

Ndinadzidzimuka. Chinali Chichewa chenicheni cha kumudzi, chosasakaniza, chonga cha malemu apongozi anga. Anali bambo wochepa thupi, wa miyendo ngati mitengo ya bulugamu, atakhala pa chikwama chake. Anati ndi a Mponda, kwawo ku Balaka, akupita ku Zvishavane kwa mbale wawo wogwira ntchito ku mgodi.

"Ndi wa mwana wanga," ndinayankha.

"Ndiye anakulakwirani chiyani mwanayo?"

Ndinawafotokozera za mpikisano ndi za mabala. Anatenga kabudula uja, kulowetsa chala m'kati, kutsata msoko wanga, n'kupukusa mutu.

"Mayi, ine ndapalasa kabaza zaka khumi ndi ziwiri, kunyamula anthu ndi matumba pa njinga, dzuwa la ku Balaka. Za m'mphechepeche musandiuze. Msoko uwu ukanyowa ndi thukuta ndi macheka. Mfundo izi ndi misomali. Masulani. Msoko utuluke kunja, mfundo kunja, m'kati musalale ngati tsaya la mwana."

"Achimwene, ine ndasoka mayunifolomu a amayi a kutchalitchi zaka makumi atatu. Msoko kunja amavala ndi amisala. Saka musandiphunzitse."

"Saka, saka," anandiyeseza akuseka kamawu ka Chishona kaja. "Chichewa chanu chinanyamuka bwinobwino kumudzi, koma chinagona panjira. Chabwino, ikani msoko wanuwo apa popindikira mkono. Pindani, tambasulani, kufikira zana. Mukafika ndikupepesani."

Ndinachita, pofuna kuwachititsa manyazi. Thukuta linali kale thupi lonse. Pofika makumi anayi khungu linafiira n'kuyamba kuwawa ngati ndapakapo tsabola. Ndinaleka kuwerenga. A Mponda anangotulutsa kalumo m'thumba n'kundipatsa.

Ndinamasula ulusi wonse n'kuyambanso, iwo akundiuza pokoka ndi polekerera. Kabudula anatuluka wonyansa, msoko uli tumphu kunja ngati mzere wa mbatata, koma m'kati chala chinkangotsetsereka. Mafuta a khanda aja anawavomereza. Anati mwanayo asambe ndi madzi oyera opanda sopo wonunkhira, aume ndi mphepo osavala thalauza, apake mafuta mochindikala, ndipo paliponse poima kuthira petulo apakenso. Paudala ayi, ati akakumana ndi thukuta amasanduka timiyala. Ndipo ngati miyendo yake ndi yolimba, akwere choimirira, chishalo achiiwale.

"Koma makabudula atsopanowo anauma bwanji?" anafunsa.

Munthu wachilendo savuta kumuuza zoona. Ndinawauza za simbi. Anaseka mpaka kugwa pa chikwama, anthu kutembenuka. Atapukuta misozi anati, "Mwana mwamuuza?"

"Ayi."

"Nanga akuti walakwa ndani?"

Ndinawagawira mbatata, tinadya.

Kondakitala anabwera dzuwa litapendeka, chitsulo m'manja, mowa m'kamwa. Tinalowa mu Masvingo dzuwa likulowa, ndipo anatiuza kuti basi sipitirira mpaka m'mawa. Mulungu adalitse mayi wina wa mpingo wathu ku Mucheke amene anandilandira ndi madzi osamba ndi mphasa, chonsecho tinangoonanapo kamodzi kumsonkhano wa amayi.

Lachisanu basi yomweyo inatitenga, ikuyenda ngati nkhalamba yochokera kuchipatala. Pa Mashava inaima kuthira madzi. Pa Zvishavane a Mponda anatsika. Ali pansi anagogoda pawindo langa n'kukuwa basi yonse ikumva, "Mayi, paudala ayi!" Sindinawaonenso. Kulikonse kumene ali, Ambuye awasunge. Pa Mbalabala tinaimanso kudikira munthu amene anapita kukagula ndudu n'kuiwala kubwerera. Pa Esigodini ndinatsika masana, ndipo lole yonyamula migolo ya madzi kupita ku famu ya mpikisano inanditenga, nditakhala pamwamba pa mgolo ngati katundu.

Kumeneko ndiye ndinaona kuwononga. Magalimoto aakulu ngati nyumba, matenti, mafiriji m'tchire, amuna a mimba zawo atavala zamawangamawanga ngati mapepala a maswiti. Njinga iliyonse ili ndi anthu atatu oipukuta. Wa pachipata anandiyang'ana kuyambira kuduku mpaka kumapazi n'kufunsa ngati ndabwera kudzagulitsa kapena kudzatsuka mbale.

"Ndabwera kwa mwana wanga, amene akukwera mawa," ndinatero. Anatsegula pakamwa, kenaka chipata.

Lameki ndinamuonera patali, akuyenda tang'atang'a ngati wanyamula chidebe pakati pa miyendo. Abwana ake anali atawanamiza kuti mnofu wakokeka.

"Mhamha! Mwabwera nokha? Rudo uja ndithu..."

"Lowa m'tentimo. Vula, samba, upake izi."

Mayi sangaone mwana wamwamuna wa ndevu pamalo ngati pamenepo. Iye analowa, ine ndinakhala panja pa kreti, ndikumupatsira zinthu pansi pa chinsalu ndi kumuuza zonse za a Mponda. Ndinamumva akukukuta mano madzi atafika pa mabala. Chinsalu chija chinandithandiza, poti nkhope yake sindinkaiona.

"Lameki, makabudula aja sanasite ndi Rudo. Ndinasita ndine."



"Onse awiri, mhamha?"

"Onse awiri."

"Woyamba utapsa... woyamba atapsa simunaone?" Lilime linamupota ndi mkwiyo.

"Ndinaona. Ndinati simbi yatenthetsa."

"Nayiloni sasita, mhamha! Ngakhale mwana wa giredi wani amadziwa!"

"Nanga mphutsi?"

Kenaka ndinamva kaphokoso, ndinayesa akulira, koma kunali kuseka kosafuna, kosakaniza ndi kubuula. Ndinalowetsa foni yanga pansi pa chinsalu n'kunena kuti aimbire mkazi wake pompo, ine ndikumva. Anapepesa m'Chishona, mawu ali pansi. Atatha anandibwezera foni, nanenso ndinapepesa.

"Mhamha, ndinkadziwa," anatero Rudo. "Fungo la pulasitiki linadzaza nyumba yonse tsiku lija. Koma ndikanamuuza bwanji kuti ndi amayi ake?"

Mwana ameneyu ndinamupeza kwa Mulungu.

Tili pomwepo anatulukira a Dereki, nkhope yofiira ndi dzuwa, n'kuona botolo la mafuta a khanda ndi kabudula wa msoko kunja ali pa chingwe cha tenti. Sanali opusa. Anamutembenuza, kulowetsa chala m'kati monga anachitira a Mponda, n'kuyang'ana ine, n'kuyang'ana tenti. Anayankhula m'Chishona chawo chokhotakhota kuti mnyamata wina wa ku Bulawayo alipo wokonzeka kukwera.

"Ndikwera ndine, bwana," anatero Lameki m'katimo.

"Ukhala bwanji pa chishalo?"

"Sindikhala."

A Dereki anakweza mapewa. Anati mbendera imatsika faifi koloko madzulo, wokhala ndi woimirira nthawi yake ndi yomweyo.

Za mpikisano weniweniwo musandifunse zambiri, ndinangoona fumbi. Ananyamuka dzuwa likutuluka, phokoso ngati njuchi zolusa, n'kulowa m'mapiri. Njira inkazungulira n'kudzadutsanso pamalo othirira petulo, ndipo ine ndinakhala pamenepo ndi botolo langa. Lameki akafika, anzake akuthira petulo, iye ankalanda botolo, kuthamangira kuseri kwa lole tang'atang'a, kubwerako, kumwa madzi ake a mchere aja, n'kukweranso. Ulendo woyamba anandisekerera. Wachiwiri sanandione n'komwe. Wachitatu milomo inali itang'ambika, manja akunjenjemera moti botolo ndinamutsegulira ndine.

Masana anayamba kubwera nawo ovulala pa galimoto. Wina mkono uli lende, akuseka n'kumajambulitsa. Mkazi wake akuwomba m'manja. Ndinati anthu awa Mulungu anawapatsa zonse n'kuwamana chochita.

Dzuwa litapendeka, opambana anali atafika kalekale, atasamba, akumwa mowa. Bambo wa mbendera ankangoyang'ana wotchi. A Dereki anali chiimire, manja m'chiuno, ndipo mnyamata wa ku Bulawayo uja anali pambali pawo akuwauza nkhani zoseketsa. Ine ndinapita kuseri kwa migolo n'kugwada m'fumbi. Ndinati, Atate, ndikudziwa kuti lero muli ndi odwala m'zipatala ndi amasiye oti muwamve, ndipo ine ndabwera ndi nkhani ya kabudula. Zamanyazi ndithu. Koma pakhomo paja pali khanda, ndipo amene ndinalakwa ndine. Mufikitseni.

Nditadzuka ndinaona kafumbi kutsika chitunda, pang'onopang'ono ngati ngolo ya abulu. Munthu wake anali choimirira. Ena onse otsalira ankafika atakhala, ataweramira pa chiwongolero, koma uyu anali njoo, mawondo opinda pang'ono, monga ankachitira pakhoma la kwathu ine ndikumunyoza. Anadutsa pa mbendera, njinga inaima, koma miyendo inakana kutsika. Anagwa nayo chammbali ngati thumba. Bambo uja anatsitsa mbendera anthu asanamalize n'komwe kumudzutsa.

Pambuyo pake panalibenso wina amene anawerengedwa. Anamupatsa kamendulo ka chitini pa kansalu, koti ngakhale kuvindikira kapu sikangathe. Miyezi inayi ya njerwa, khungu la mwana wanga, masiku anga awiri pamsewu, malipiro ake kachitini. Koma a Dereki anagwada pomwe anagonapo, kumugwira paphewa n'kunena kuti akachira apite ku ofesi akasaine.

Pobwerera sindinakwerenso basi. A Dereki anandikhazika kutsogolo m'galimoto mwawo, Lameki atagona chafufumimba kumbuyo pakati pa matayala, kuchokera ku Esigodini mpaka pakhomo ku Chikanga. Anatha sabata ziwiri atavala chitenje cha mkazi wake. Pano anasaina, ali ndi ovolosi yolembedwa dzina lake, ndipo ndikuthokoza Mulungu ndi mtima wonse.

Koma ntchito imene anasainayo ndi ya kukonza njinga ndi kukwera komwe. Ndinagwada ndekha m'fumbi kupempha kuti amalize, Ambuye anandimvera, ndiye kuti chaka ndi chaka mwana wanga azipita kukathamangitsana ndi anthu osowa chochita aja m'miyala. Wayambanso kale kubereka njerwa. Choncho amayi anzanga, mukamagwada Lachinayi, mutikumbukire ife a banja la malemu a Phiri ku Chikanga, Rudo ndi khanda lake, ndi Lameki makamaka. Khungu ndi kabudula ndikhoza kusamala tsopano, koma mafupa ine sindidziwa kusoka.